Mwana Wosakhazikika ndi Mankhwala Ace

Munthu ali yense wogwira nchito pansi pa mgodi adziwa mwambo wa onga wophulitsira miyala. Onga uja susungidwa m'nyumba ya munthu wamba iai. Uli ndi nyumba yaceyace yokhoma, ndipo wonse wotuluka m'menemo ulembedwa m'buku. Woombera ndiye munthu amene anaphunzira nchitoyo napata cikalata cace. Ayesa muyeso, acenjeza anzace, ndipo utsi utatha abwerera kukaona cimene cacitika. Popanda onga mkuwa sukadatuluka m'thanthwe. Koma popanda mwambo uja amuna ambiri sakadabwerera kwao madzulo. Nkhani ya lero iri ya mankhwala amene afuna mwambo wonga womwewo, ngakhale akumwa ace ali ana a sukulu: mankhwala a mwana wosakhazikika.

Mwana wotani?

Mwana wamoyo ali yense athamanga, akwera m'mitengo, ndipo nthawi zina aiwala cimene amtuma. Pamenepo palibe nthenda. Koma alipo mwana wina amene kusakhazikika kwace kuposa kwa anzace onse a msinkhu wace. Amace amtuma mcere ku sitolo. Iye abwera dzuwa litapendeka, ali ndi waya wopangira galimoto m'manja, ndalama yatayika, za mcere waiwala. M'kalasi ayankha mphunzitsi asanatsirize funso. Pa mzere wa ku mpopi sakhoza kudikira. Aoloka mseu osayang'ana uku ndi uku. Akwapulidwa Lolemba, nalira, nalonjeza ndi mtima wonse kuti sadzabwereza, Laciwiri wabwereza. Palinso wina, ndipo kawirikawiri ndiye mtsikana, amene sasokosa konse: akhala phee pa mpando, maso ali pa bolodi koma maganizo ali kutali, ndipo satsiriza nchito iri yonse imene aiyamba.

Anansi ati ndi mwano. Agogo ati makolo a masiku ano sadziwa kulera. Ena anong'onezana za ufiti. Koma madotolo anaona ana otere kale lomwe. M'caka ca 1798 dotolo wa ku Scotland, Alexander Crichton, analemba za anthu amene maganizo ao sakhoza kukhala pa cinthu cimodzi. M'caka ca 1902 George Still, dotolo wa ana, anakamba pamaso pa madotolo anzace ku London za ana anzeru bwino amene analephera kudziletsa, ngakhale ena a iwo analeredwa m'mabanja abwino. Dzina la bvutoli linasinthika kangapo, ndipo kuyambira 1987 lichedwa ndi zilembo zinai, ADHD, ndiko kunena kulephera kuika maganizo pa cinthu cimodzi pamodzi ndi kutakataka kopitirira. M'caka ca 2007 akatswiri anasonkhanitsa zofufuza za m'maiko ambiri, napeza kuti ana ngati 5 mwa ana 100 ali nalo. Ndiye kuti m'kalasi ya ana 40 mukhoza kukhala awiri. Bvutoli liyenda m'mtundu: kawirikawiri pofunsa bwino kupezeka kuti atate ace a mwanayo, kapena amalume ace, analinso otero pa ubwana wao.

Ayambe wapimidwa

Lamulo loyamba ndilo lakuti mankhwalawa asapatsidwe mwana amene sanapimidwe bwino. Palibe makina kapena kapimidwe ka mwazi kamene kasonyeza ADHD. Dotolo afunsa mafunso, amvera makolo, alandira mau a mphunzitsi, namuona mwanayo ndi maso ace. Afuna kudziwa zinthu zinai: ngati zizindikiro zakhala miyezi 6 kapena kuposa, ngati zinayamba mwana asanafike zaka 12, ngati zioneka m'malo awiri kapena ambiri, monga kunyumba ndi kusukulu, ndiponso ngati zimlepheretsadi kuphunzira ndi kukhala bwino ndi anzace. Mwana wobvuta kusukulu kokha, koma wodekha kunyumba ndi kwa acibale, mwina bvuto lace liri m'kalasimo, osati mwa iye.

Pali zinthu zambiri zofanana ndi ADHD koma siziri ADHD. Mwana wosamva bwino cifukwa ca mafinya m'khutu, wosaona bwino pa bolodi, wopita kusukulu ndi njala, wocepa mwazi, wogona mocedwa m'cipinda ca anthu ambiri, kapena wa m'nyumba ya ndeu ndi mowa, onsewa alephera kuchera khutu. Pali mtundu wa khunyu wosagwetsa munthu, umene mwana angoti duu kamphindi, maso tong'o, nabwerera osadziwa kuti wataya mau a mphunzitsi. Ana ena opulumuka malungo a ku ubongo asintha makhalidwe pambuyo pace. Ndipo anthu a ku migodi ayenera kukumbukira mtovu. Mgodi wa ku Kabwe, umene kale unachedwa Broken Hill, unatsekedwa m'caka ca 1994, koma fumbi la mtovu linatsala m'nthaka ya makomboni oyandikana nao. Ndipo mtovu ukalowa m'mwazi wa mwana uononga nzeru ndi kukhazikika kwace. Mwana wotere afunika kupimidwa mwazi ndi kutetezedwa ku fumbilo, pakuti piritsi la ADHD silicotsa mtovu.

Za msinkhu, bungwe la za umoyo la dziko lonse, World Health Organization, lilangiza kuti mankhwalawa asapatsidwe mwana wosafika zaka 6, ndi kuti ngakhale kwa wamkulupo coyamba cikhale kuphunzitsa makolo ndi aphunzitsi njira zomthandizira. Piritsi lidza pambuyo, njira zimenezo zikapereweradi, ndipo lidza ndi dzanja la dotolo wodziwa za nthendayi.

Ciyambi ca mankhwalawa

Mphamvu ya mankhwalawa pa ana inapezeka mwangozi. M'caka ca 1937 dotolo Charles Bradley anali kuyang'anira nyumba ya ana obvutika maganizo ndi makhalidwe ku Rhode Island, m'dziko la America. Masiku amenewo pofuna kujambula ubongo ankayamba atulutsa madzi a mu msana, ndipo ana ankamva mutu koopsa pambuyo pace. Bradley anayesa kuwapatsa Benzedrine, mankhwala a mtundu wa amphetamine, poyesa kuti mutu udzaleka. Mutu sunaleke, koma aphunzitsi anadabwa. Mwa ana 30 amene iye analemba za iwo, 14 anayamba kugwira nchito ya sukulu ndi cangu cimene sanaonetsepo kale, ndipo ana eni ace anawacha mapiritsi a masamu. Bradley anaonanso cinthu cina cimene cikali coona kufikira lero: kusinthako kunaoneka tsiku loyamba lomwe, ndipo kunatha pamene mankhwala analekeka.

M'caka ca 1944 Leandro Panizzon, katswiri wa mankhwala pa kampani ya Ciba ku Basel, m'dziko la Switzerland, anapanga methylphenidate. Dzina lace la malonda, Ritalin, linacokera kwa mkazi wace, Rita. Mankhwalawa anayamba kugulitsidwa kwa akulu m'zaka za m'ma 1950, ndipo m'zaka za m'ma 1960 madotolo a ku America anayamba kupatsa ana. Kufikira lero methylphenidate ndiwo mankhwala oyamba amene madotolo a m'maiko ambiri asankhira ana a sukulu, ndipo zambiri zonenedwa m'nkhani yino ziri za iwo.

Funso limene makolo afunsa nthawi zonse ndi lakuti: mankhwala ogalamutsa ubongo angafatse bwanji mwana wotakataka kale? Mitsempha ya ubongo itumizirana mauthenga ndi timadzi tina, makamaka tochedwa dopamine ndi noradrenaline. Mtsempha ukatulutsa timadziti, utimezanso msanga. Methylphenidate acedwetsa kumezako, kotero kuti uthenga ukhala nthawi yokwanira kuti umveke. Mbali ya ubongo imene ipindula kwambiri ndiyo ya kutsogolo, kuseri kwa mphumi, imene nchito yace iri ngati ya kapitao: kusankha coyamba kucita, kuletsa cosayenera, ndi kukumbukira cimene catsala. Mankhwalawa sagonetsa anyamata a nchito iai, adzutsa kapitao.

Ana ngati 7 mwa 10 ali ndi ADHD athandizidwa ndi mankhwala oyamba amene dotolo ayesa. Koma pamenepa pali msampha. M'caka ca 1978 dotolo Judith Rapoport ndi anzace ku America anapatsa amphetamine kwa anyamata opanda bvuto liri lonse, ndipo iwonso anafatsa nachera khutu koposa masiku onse. Cotero mai amene apempha piritsi kwa mnansi wace, naona mwana wace atakhala pansi tsiku limenelo, sanatsimikize kanthu. Piritsi silipima nthenda.

Piritsi lomwelo, zipatso zosiyana

M'caka ca 1999 zinalengezedwa zotsatira za kufufuza kwakukulu kochedwa MTA, kumene kunacitika ku America ndi ku Canada. Ana 579, a zaka 7 kufikira 9, anagawidwa m'magulu anai kwa miyezi 14. Gulu loyamba linalandira mankhwala moyang'aniridwa kwambiri. Laciwiri linalandira maphunziro a makhalidwe, kwa ana, makolo ndi aphunzitsi. Lacitatu linalandira zonse ziwiri. Lacinai linatumizidwa kwa madotolo a kwao kukathandizidwa monga mwa masiku onse. Tsono ana awiri mwa atatu a gulu lacinai analandiranso mankhwala, ambiri a iwo methylphenidate yemweyo; koma sanapindule monga a gulu loyamba ndi lacitatu.

Cifukwa ninji? Kwa ana oyang'aniridwa aja, mwezi wathunthu woyamba unatha ndi kufunafuna muyeso woyenera mwana ali yense payekha. Pambuyo pace dotolo anaona mwana mwezi ndi mwezi, theka la ora, nafunsa makolo za kudya ndi kugona, namvanso mau a mphunzitsi, nakonza muyeso pofunika. Ana a gulu lacinai anaonana ndi dotolo kamodzi kapena kawiri pa caka, kwa nthawi yaifupi, ndipo ambiri anakhalira pa muyeso wocepa. Piritsi linali lomwelo. Cosiyana cinali maso oliyang'anira. Kunapezekanso kuti ana a gulu lacitatu, amene makolo ao anaphunzira njira zolerera, anakwanira ndi muyeso wocepako kusiyana ndi a gulu loyamba.

Asanayambe kumwa

Mwambo wa mankhwalawa uyamba piritsi loyamba lisanamwedwe. Popeza mankhwala ogalamutsa afulumizitsa mtima pang'ono, nakweza pang'ono kuthamanga kwa mwazi, dotolo ayenera kumvera mtima wa mwana, kupima kuthamanga kwa mwazi pa mkono, ndi kulemba msinkhu ndi kulemera kwace, kuti pakhale poyerekezera m'tsogolo. Makolo asabise kanthu. Anene ngati mwana anabadwa ndi nthenda ya mtima, ngati anakomokapo pothamanga, ngati adandaula m'cifuwa, ndiponso ngati kucimuna kapena kucikazi kunafa munthu mwadzidzidzi asanakwane zaka 40. Anene za khunyu, za nthenda ya maganizo m'banja, ndi za mankhwala ena onse amene mwana alikumwa, a cipatala, a ku sitolo ndi a zitsamba omwe. Pakuti ngakhale mankhwala ena a cimfine otsegula mphuno afulumizitsanso mtima.

Mau awa asaopse munthu. M'caka ca 2011 akatswiri a ku America anasanthula mbiri za cipatala za ana ndi acinyamata 1,200,000, ndipo sanapeze umboni wakuti mankhwalawa aonjezera imfa zadzidzidzi kapena matenda akulu a mtima. Mafunso aja afunsidwa cifukwa ca mwana mmodzi uja amene ali ndi mtima wofooka wosadziwika.

Muyeso ndi nthawi

Dotolo wodziwa ayamba ndi muyeso wocepa, kawirikawiri mamiligalamu 5 kamodzi kapena kawiri pa tsiku, nakweza pang'onopang'ono sabata ndi sabata kufikira apeza pamene mwana athandizidwa popanda kusautsidwa. Muyeso wa mwana uyu suli wa mnzace, ngakhale alingana zaka ndi thupi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Makolo asaonjezere okha cifukwa mayeso ayandikira kapena alendo alikudza. Ndipo tsiku limene piritsi laiwalika asapereke awiri m'mawa mwace.

Mapiritsi ali a mitundu iwiri. Oyamba ayamba kugwira patapita ngati theka la ora, nagwira maora 3 kapena 4. Amwedwa kawiri kapena katatu pa tsiku. Aciwiri anapangidwa kuti atulutse mankhwala pang'onopang'ono kwa maora 8 kufikira 12. Amwedwa kamodzi m'mawa. Piritsi la mtundu waciwiri limezedwa lathunthu ndi madzi. Likaphwanyidwa kapena kutafunidwa, mankhwala a tsiku lonse alowa m'thupi nthawi imodzi, ndipo pamenepo pali ngozi. Ena a mapiritsiwa ali ndi khungu losasungunuka limene lioneka m'cimbudzi ca mwana. Makolo asayese kuti mankhwala sanagwire, napereka lina. Piritsi lomaliza lisamwedwe dzuwa litapendeka, kuopa kuti mwana adzasowa tulo.

M'nyumba ya ku migodi atate lero ali pa shifiti ya m'mawa, sabata lamawa ya usiku, ndipo amai alawirira ku msika. M'nyumba yotere nkwapafupi kuti mwana amwe kawiri kapena asamwe konse, ali yense poyesa kuti mnzace wapereka kapena sanapereke. Cotero pakhale munthu wamkulu mmodzi wodziwika amene apereka piritsi ndi dzanja lace, naona kuti lamezedwa, nalemba. Botolo likhale m'bokosi lokhoma, kutali ndi ana, ndipo mapiritsi awerengedwe sabata ndi sabata. Mwana asanyamule botolo m'thumba la mabuku. Ngati pali piritsi la masana, makolo apangane ndi mphunzitsi wamkulu kuti lisungidwe ku ofesi ndi kuperekedwa mwakacetecete, osamuitana mwana pamaso pa anzace kuti asekedwe.

Kabuku kakang'ono kakwanira nchito yonseyi. Tsiku ndi tsiku mulembedwe ora la piritsi, ngati mwana wadya, ora limene wagona, ndi mmene mtima wace unaliri madzulo; ndipo pakutha pa sabata mphunzitsi aonjezepo mau ace awiri kapena atatu. Kabuku kameneka ndiko maso a dotolo m'masiku onse amene iye saona mwanayo.

Walira mvula walira matope

Palibe mankhwala amphamvu opanda zobvuta zace. Cobvuta cofala koposa ndico kusowa cilakolako ca cakudya, makamaka masana. Mankhwala ace ndiwo kudyetsa mwana bwino pamene njala iripo: m'mawa, piritsi lisanagwire, phala lothira nsinjiro, dzira kapena mkaka, ndipo madzulo, mphamvu ya piritsi itatha, nsima imsungikire ngakhale anzace adya kale. Asakakamizidwe ndi ndodo pa cakudya ca masana.

Kudya pang'ono kukhudza kukula. Ofufuza a MTA aja analengeza m'caka ca 2007 kuti ana amene anayamba mankhwala namwa kosalekeza zaka zitatu anatsalira, pa ciwerengero ca onse, ngati masentimita 2 pa msinkhu ndi makilogalamu pafupifupi 3 pa kulemera, poyerekeza ndi anzao osamwa. Ncifukwa cace malangizo a madotolo a ku Britain a caka ca 2018 anena kuti msinkhu upimidwe miyezi 6 iri yonse. Kulemera kwa mwana wa zaka 10 kapena zocepera kupimidwe miyezi 3 iri yonse. Ndipo mtima ndi kuthamanga kwa mwazi zipimidwe posintha muyeso ndiponso miyezi 6 iri yonse. Mwana akatsalira, dotolo akhoza kucepetsa muyeso kapena kumpumitsa pa masiku a Loweruka ndi Sabata ndi pa nthawi yotsekera sukulu. Kupumako kukhale kwa pangano ndi dotolo.

Zobvuta zina ndizo kucedwa kugona, mutu, m'mimba, ndi kupsa mtima kapena kulira madzulo pamene mankhwala alikutha m'thupi. Zambiri za izi zicepa patapita masabata owerengeka, kapena dotolo atasintha ora ndi muyeso. Ana ena ayamba kuphethiraphethira, kugwedeza phewa kapena kukhosomola kopanda cifuwa. Zimenezi zinenedwe kwa dotolo. Ndipo pali cizindikiro cimodzi cimene cinyenga akulu, pakuti cioneka ngati cipambano. Mwana akhala cete tsiku lonse, saseka, sasewera, nkhope yace yauma ngati ya cifanizo. Mphunzitsi akondwa, anansi ayamika. Koma mwana ameneyo sanacire, wangolemedwa ndi muyeso wopitirira. Colinga ca mankhwalawa sindico mtendere wa akulu. Ndico kuti mwana akhoze kuphunzira, kusewera ndi kusunga abwenzi, ali yemwe uja.

Pali zizindikiro zina zosafuna kudikira tsiku la pangano. Mwana akamva kupweteka m'cifuwa, akakomoka, akabanika, kapena mtima wace ukagunda mosalongosoka, akagwa khunyu, akayamba kuona kapena kumva zinthu zimene palibe, akalankhula za kudzipha, akatupa nkhope ndi milomo, pamenepo piritsi lina lisaperekedwe, ndipo apite naye ku cipatala nthawi yomweyo. Kwa anyamata pali cinanso, cosacitika kawirikawiri, cimene boma la America linacenjeza m'caka ca 2013: kuuma kopweteka kwa malisece kumene sikuleka. Mnyamata abisa cinthu cotere cifukwa ca manyazi, ndipo kucedwa kuononga. Cotero atate ace kapena amalume ace amuuziretu kuti anene msanga. Mwana wamng'ono akameza mapiritsi a mkulu wace, asamsanzitse ndi madzi a mcere kapena cala. Athamange naye ku cipatala, atatenga botolo lomwelo.

Mankhwala a munthu mmodzi

Methylphenidate ndi amphetamine ali m'gulu la mankhwala olondedwa ndi lamulo. M'caka ca 1971 maiko anapangana ku Vienna za mankhwala okhudza maganizo, ndipo Zambia ndi limodzi la maiko amene anabvomereza panganolo. Ncifukwa cace mankhwalawa atuluka ndi kalata ya dotolo yokha, m'cipatala kapena m'sitolo ya mankhwala yololedwa. Piritsi logulidwa pa msika, kapena lobwera ndi wacibale wa pa ulendo, palibe adziwa cimene ciri m'kati mwace.

M'caka ca 2023 boma la America linakhwimitsa cenjezo lolembedwa pa mankhwalawa, ponena kuti ambiri owamwa molakwa awapeza kwa acibale ndi abwenzi. Ciyeso cimeneci ciri pafupi ndi nyumba iri yonse. Mkulu wace wa mwanayo ali ndi mayeso, afuna kuwerenga usiku wonse. Atate ali pa shifiti ya usiku, aopa kuodzera. Mai wa nyumba yoyandikana adandaula za mwana wace. Mwambo wogawana mcere ndi ufa uli wabwino, koma pa botolo iri suyenera. Wolandirayo mtima wace sunapimidwe, ndipo womwa mapiritsi ambiri pofuna kugalamuka akhoza kuzolowera nagwidwa ukapolo. Koma za mwana amene amwa muyeso wace monga mwa mau a dotolo, zofufuza zambiri sizinapeze kuti mankhwalawa amkankhira ku camba kapena mowa atakula.

Malire a piritsi

Cimene Bradley anaona m'caka ca 1937 sicinasinthe: mankhwalawa athandiza pamene ali m'thupi, koma sazula bvuto. Pamene ana a MTA anaonedwanso patapita zaka 3, ndiponso zaka 8, kusiyana kwa magulu anai aja kunali kutatha. Akatswiri eni ace sagwirizana pa zonse. M'caka ca 2015 a bungwe la Cochrane anasanthula zofufuza 185 za ana oposa 12,000, naweruza kuti methylphenidate aoneka kuti athandiza, koma zofufuza zambiri zinali za masabata owerengeka ndi zosalimba. Pa zifukwa zonga zomwezi World Health Organization inakana m'caka ca 2019, ndiponso ca 2021, kuika methylphenidate pa mndandanda wace wa mankhwala ofunika koposa, ngakhale madotolo ambiri a ana anatsutsa ciweruzo cimeneco. Phunziro la mkangano umenewu kwa makolo ndi lakuti piritsi lisamwedwe caka ndi caka mwa cizolowezi cabe. Kamodzi pa caka dotolo, makolo ndi mwana yemwe akhale pansi nafunsane ngati likufunikabe. Ana ena akula nalekeratu. Ena alifuna kufikira ukulu. Ndipo kwa amene sayanjana nalo alipo mankhwala ena osagalamutsa, monga atomoxetine.

Piritsi siliphunzitsa kuwerenga, ndipo sililera mwana. Lingotsegula maora owerengeka m'mene kuphunzitsa ndi kulera kukhoza kulowa. M'maora amenewo mwana atumidwe cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, womtumayo atamyang'ana m'maso. Ora lodzuka, lodya ndi logona likhale lomwelo masiku onse. M'kalasi akhale kutsogolo, kutali ndi zenera, ndipo nchito yaitali idulidwe m'zigawo zazifupi. Apatsidwe nthawi yothamanga ndi kumenya mpira. Akacita bwino ayamikidwe pomwepo, pakuti mwana wotere wamva kudzudzulidwa kwambiri koposa anzace onse, ndipo ambiri a iwo afika poyesa kuti anabadwa oipa. Ndodo yayesedwa pa ana amenewa zaka zambiri. Ikadakhala mankhwala, bwenzi atacira kale.

Woombera miyala salekera pa kuyatsa cingwe, abwerera kukaona. Comweconso makolo a mwana womwa mankhwalawa ali ndi mafunso ao a madzulo ali onse: Kodi wadya? Kodi usiku wathawu anagona? Kodi waseka lero ndi anzace? Kodi nchito ya kusukulu yatha? Mayankho akakhala abwino, alembedwe m'kabuku, ndipo botolo libwerere m'bokosi lace. Akakhala oipa sabata lathunthu, kabukuko kapite kwa dotolo, ngakhale tsiku la pangano lisanafike.